PAKHONDE LATHU: Nyanja ya Chilwa imayambira kuphiri

Takumananso pakhonde lathu patatha miyezi itatu, ndipo ulendo uno ndabwera ndi nkhani ya madzi. Ndikupempheni kuti muiwerenge pamodzi ngati banja, pakuti ikukhudza msodzi, mlimi, mayi wotunga madzi ngakhalenso mwana wa ku madrasa.

M'mwezi wa Okotobala ndidapita kukazonda malume anga amene amakhala chakufupi ndi doko la Mposa m'boma la Machinga. Nditatsika minibasi pamsewu wa Zomba ndi Liwonde ndidakwera kabaza, ndipo m'njira monse tinkapatukirana ndi njinga zosenza matumba a makala, ina awiri, ina atatu. Tsiku lotsatira linali Lachisanu. Titafika kumzikiti ndidapeza kuti chitsime chapabwalo chidaphwa, ndipo madzi otawazira adachita kubwera nawo ana m'zigubu kuchokera kumjigo wakutali. Aliyense adapatsidwa theka la birika, osapitirira apo.

Titatha kuswali, malume adandigwira mkono nandilozera mapiri a Chikala. "Mphwanga," adatero, "chitsime ichi tidakumba tidakali anyamata, ndipo sichinkaphwa ngakhale dzuwa la Novembala liwombe bwanji. Chidayamba kutinamiza phiri lija litametedwa mpala. Anzathu akudandaula za nyanja kuti nsomba zatha, koma ine ndikuti nyanja imayambira uko." Mau amenewa ndi amene ndakhala ndikuwalingalira kufikira lero.

Kwa inu amene simudafikeko, Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno. Yazunguliridwa ndi maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe, ndipo chakuvuma imayandikana ndi malire a Mozambique. Ndi nyanja yodabwitsa ndithu, chifukwa mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathiramo, koma palibe mtsinje ngakhale umodzi wotulukamo. Kalekale inali yolumikizana ndi Chiuta, koma mchenga udaunjikana pakati n'kupanga mtunda umene padutsa njanji ya ku Nayuchi. Madzi a m'Chiuta amapitirira ku Amaramba mpaka kukalowa mu Lugenda ku Mozambique, pamene a m'Chilwa amangochoka ndi dzuwa. N'chifukwa chake amamveka kamchere. Komanso nyanjayi siyakuya. Malo ambiri woyendetsa bwato amafika pansi ndi nsungwi yopondera.

Ngakhale ili yosazama chotero, Chilwa yalera anthu ambiri. M'chigwa chake mumakhala anthu pafupifupi 1.5 miliyoni. Zaka zimene madzi anali bwino, pa nsomba zinayi kapena zisanu zilizonse zogwidwa m'Malawi, imodzi inkachokera m'menemu. Matemba, makumba ndi milamba zaphunzitsa ana, zafolera nyumba ndi malata, zamanga mizikiti. Mpunga wa kusikimu ya Domasi umadalira mtsinje womwewo umene umathira m'nyanjamo. Njedza za m'dambo ndizo zimasunga mbalame ndi tiana ta nsomba. Pozindikira chuma chimenechi, dziko lathu litalowa m'pangano la Ramsar losamalira madambo m'chaka cha 1997, malo oyamba kulembedwa anali Chilwa, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaiikanso pam'ndandanda wa malo ofunika kutetezedwa.

Koma akuluakulu adati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Chilwa idaphwa m'chaka cha 1968, idaphwanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 ambiri a ife tidaona ndi maso athu mabwato atakhala pamatope ong'aluka. Asodzi adabalalika, ena ku Chiuta, ena ku Malombe, ena ku Mangochi. Amayi ogulitsa matemba adadya mpamba. Ena mwa amuna amene adasowa chochita adanyamula nkhwangwa n'kukwera kuphiri, motero vuto la kunyanja lidakabala vuto lina kunkhalango.

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Nyanjayi inkaphwa ngakhale m'masiku a agogo athu, mapiri adakali ndi nkhalango zowirira. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja yosazama ndi yopanda potulukira imabwerera m'mbuyo basi. Tsono wina asakunamizeni kuti mukabzala mitengo chilala sichidzabweranso. Chimene mitengo imachita ndi china, ndipo n'chofunika kuti tichimvetse bwino.

Mvula ikagwa paphiri la mitengo, masamba amaphwanya mphamvu ya madontho, zinyalala zapansi zimagwira madzi, ndipo mizu imawatsegulira njira yolowera m'nthaka. Madzi amenewo amayenda pang'onopang'ono pansi panthaka nakatulukira m'akasupe ndi m'zitsime mu Sepitembala ndi Okotobala, nthawi imene timawafuna kwambiri. Koma mvula yomweyo ikagwa paphiri lopanda mitengo, imatsetsereka tsiku lomwelo, itasenza dothi la m'minda mwathu. Imakumba zigwembe, imakwirira maiwe a m'mitsinje ndi mchenga, ndipo matope otsalawo amakakhazikika m'nyanja. Choncho mtsinje umasefukira mu Januwale n'kuuma mu Ogasiti, ndipo nyanja imanka niphwatalala. Mayi aliyense akudziwa kuti madzi a m'mbale amauma msanga kusiyana ndi a mumtsuko.

Maiwe ndatchulawa musawaone kuchepa, ndiwo nkhokwe ya mbeu ya nsomba. Nyanja ikaphwa, nsomba zotsala zimathawira m'maiwe akuya a m'mitsinje ndi m'mathiriro ake, n'kumadikira mvula. M'chaka cha 1995 alangizi a za nsomba adakhala pansi ndi mafumu ndi asodzi, nagwirizana kuti maiwe amenewa atetezedwe. Adakhazikitsa makomiti a m'midzi, adaletsa kukokamo makoka, adaletsanso kuthiramo katupe. Anthu anali ndi njala, nsomba zili poonekera, koma ambiri adapirira. Mvula itabweranso, nsomba zija zidatsika n'kudzazanso nyanja patangopita zaka zochepa. M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la za nsomba ndi lina la za nkhalango, ndipo onse awiri adapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala zinthuzi. Tsono taganizani: ngati maiwewo akwiririka ndi mchenga wochokera kuphiri, kodi nsomba zidzathawira kuti nyanja ikadzaphwanso?

Funso limeneli ndi limene lidabweretsa mabungwe m'dera lathu. Limodzi mwa iwo ndi LEAD, lomwe dzina lake lonse m'Chingerezi ndi Leadership for Environment and Development. Bungweli si la boma ndipo si lochita malonda. Nthambi yake yoona maiko a kummwera ndi kuvuma kwa Africa idakhazikika ku Zomba, pasukulu ya ukachenjede imene panthawiyo tinkaitchula kuti Chancellor College, motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha. M'chaka cha 2010, ndi thandizo la ndalama lochokera ku Norway, bungweli lidayamba ntchito yaikulu m'chigwa cha Chilwa, mogwirizana ndi bungwe la WorldFish ndiponso nthambi ya boma yofufuza za nkhalango ya FRIM. Ntchitoyi idafika m'maboma onse atatu, kuphatikizapo kwathu kuno ku Machinga.

Chimene chidandisangalatsa pa ntchito imeneyi n'chakuti eni ake adaona chigwa chonse ngati thupi limodzi, monga momwe malume anga amachionera. Kumtunda adalimbikitsa midzi kukhala ndi nazale za mitengo, kubzala m'mphepete mwa mitsinje ndi kusamala nkhalango za m'midzi. M'minda adaphunzitsa ulimi wa mleranthaka, uja wosagaula nthaka chaka ndi chaka koma kuiphimba ndi mapesi kuti chinyezi chikhalitse. Adaika zipangizo zoyezera mvula ndi madzi kuti anthu azichenjezedwa nyanja ikayamba kubwerera. Adakhazikitsanso magulu omvera wailesi, kumene anthu ankakambirana za nyengo m'chinenero chawo n'kutumiza mau awo kuti aulutsidwe.

Kudoko adagwira ntchito ndi magulu a amayi okonza nsomba. Mukudziwa momwe timayanikira matemba pamchenga kapena paudzu: fumbi, ntchentche, nkhuku, ndipo kukachita mitambo masiku awiri dengu lonse laola. Tsono adawamangira tinyumba toyanikiramo, tofoleredwa ndi pepala loonekera mkati, tokhala ndi mathandala m'katimo. Dzuwa limalowa, kutentha kumasungika, mphepo imadutsa m'mawindo a sefa, ndipo nsomba zimauma zaukhondo ngakhale m'nyengo yamvula. Pa milamba yowamba adabweretsa ng'anjo zosatha nkhuni zambiri. Mwina wina afunsa kuti zimenezi zikukhudzana bwanji ndi phiri. Yankho lake n'lapafupi: nkhuni zowambira nsomba zimachokera kuphiri komweko, ndipo mayi amene nsomba zake sizikuola amapeza ndalama yomweyo ndi nsomba zochepa.

Bungwe lina lakale ndi la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lidayamba m'chaka cha 1947 pansi pa dzina lina. Kudzera m'nthambi yake ya ku Zomba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 lidathandiza osaka mbalame a m'dambo la Chilwa kupanga magulu awo. Anthu amene ankatchera atsekwe ndi abakha a m'madzi mosaleka adayamba kugwirizana za malo oti mbalame ziziswerana mosasokonezedwa ndi nyengo yoti misampha ipume. Zina mwa mbalame za m'dambomu zimachita kuuluka kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia, kuthawa chisanu. Ndi alendo athu, ndipo mlendo sitimutchera msampha pakhomo mpaka mtundu wake kutha.

Ntchito zonsezi n'zoyamikika, ndipo amene adazigwira Allah awalipire zabwino. Makolo adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona: nzeru ya kanyumba koyanikira nsomba sitidali nayo. Koma makolo omwewo adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ntchito iliyonse yoyendera thandizo lakunja ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lotsekera. Ya m'chigwa cha Chilwa ija idayenda zaka zake nitha. Galimoto zidaleka kubwera, koma phiri, mtsinje ndi nyanja zidatsala ndi ife. Funso langa lalikulu lero ndi ili: mlendo akapita, kalumo kaja timakasunga bwanji?

Zimene ndikufuna kunena tsopano sindikuloza bungwe lililonse mwa amene ndatchulawa, matendawa ndi athu. Poyenda m'midzi yosiyanasiyana ndaona nazale zimene zidasanduka mabwinja, machubu ali mbwee, chifukwa amene ankathirira ankayembekeza kangachepe pamapeto pa mwezi. Ndaona komiti imene inkadzaza pamsonkhano pamene panali zakumwa ndi ndalama ya nkhomaliro, koma itaitanidwa ndi amfumu okha padabwera anthu atatu. Ndaona mitengo yobzalidwa ndi nyimbo ndi nthungululu mu Januwale, mbuzi n'kuidya mu Juni, moto n'kumalizitsa mu Sepitembala. Ukafunsa kuti mitengoyi ndi ya yani, yankho limakhala lakuti, "Ndi ya bungwe." Abale anga, chinthu cha bungwe chilibe mbusa. Mtengo umakula pokhapokha wina akamati ndi wanga, kapena mudzi ukamati ndi wathu.

Sindikufuna kuti nkhaniyi ikhale yotukwana ootcha makala. Madzulo a Lachisanu lomwe lija ndidacheza ndi mnyamata wina amene tidaswali naye mzere umodzi. Ali ndi mkazi ndi ana atatu, munda wake ndi kachigawo kochepa, ndipo ntchito yake ndi makala. Adandiyankha mwaulemu koma mosabisa. "Bambo," adatero, "Shehe akanena kuti tisadule mitengo ndimamva ndithu. Koma mwana akalira njala sindingamuphikire khutuba. Ndiponso makalawa sindidya ine. Amene amagula ndi inu a m'tauni."

Ndidasowa chonena, chifukwa kunyumba kwanga kuli mbaula, ndipo thumba la makala limene lili kukhitchini kwanga lidachokera paphiri lina lake. Makala a ku Machinga amapita ku Zomba, ku Liwonde, ku Balaka mpaka ku Blantyre. M'chaka cha 2020 lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa, zilango zidakwera, koma kulanda njinga ya mnyamata uja sikuzimitsa mbaula za m'tauni. Tiyeni tidziyang'anenso tokha. Njerwa zimene tamangira nyumba zathu, madrasa athu ngakhale mizikiti yathu, zidaotchedwa ndi nkhuni zingati? Pa ukwati ndi pa sadaka, miphika ikuluikulu ija imatha mitengo ingati? Tonsefe tili ndi dzanja pa mpini wa nkhwangwa imeneyi.

Kwa awerengi a ku Balaka ndi a m'mbali mwa Shire, musati nkhaniyi ndi ya a ku Chilwa okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mapiri a Machinga amagawa madzi mbali ziwiri: ena amapita ku Chilwa, ena amatsikira mu Shire. Dothi limene Rivirivi ndi mitsinje ina imakokolola limakathera mu Shire, ndipo matope ndi zinyalala zimakasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula. Pa Liwonde pali chotchinga madzi cha Kamuzu Barrage chimene chidamangidwa m'chaka cha 1965 kuti madzi a mu Shire aziyenda mwa muyeso, koma chotchinga sichingabweze dothi kumunda kwanu. Tsanya amene akutha m'madera a Balaka amatenga zaka zambirimbiri kuti akule, pamene thumba la makala ake limatha m'masabata awiri. Namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023 adatiphunzitsa mowawa zimene madzi amachita akamatsika m'phiri popanda chowagwira.

Nanga kodi n'zotheka kuti mudzi usunge nkhalango popanda mlonda wolipidwa? Yankho lili pafupi ndi nyumba zathu. Imani pamalo okwera m'mudzi uliwonse wa ku Machinga muyang'ane: paliponse pamene muone kagulu ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe, dziwani kuti pamenepo ndi pamanda. Palibe waya, palibe mfuti, palibe alawansi. Komabe ngakhale munthu wosauka chotani sapita kukaotcha makala kumanda. Chifukwa chiyani? Chifukwa tonse tidagwirizana, tidaphunzitsa ana athu, ndipo wophwanya amachita manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ngati tidatha kusungira mitengo abale athu amene adatsogola, tingalephere bwanji kusungira kasupe ana amene akubadwa?

Kupatula malo kuti apume si nzeru yachilendo kwa ife Asilamu. M'nthawi ya Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, malo otchedwa Naqi' kufupi ndi Madina adapatulidwa kuti msipu wake usungidwire zofuna za anthu onse, ndipo Khalifa Umar adapatulanso malo a Rabadha. Malo otere ankatchedwa hima. Masiku athu ano, pachilumba cha Misali kufupi ndi Pemba ku Tanzania, asodzi ena ankapha nsomba ndi mabomba, ndipo malamulo a boma sankawagwira mtima. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mabungwe osamala zachilengedwe adagwirizana ndi mashehe ndi aphunzitsi a madrasa a kumeneko, nkhaniyi n'kuyamba kumveka m'mizikiti monga nkhani ya amana imene munthu adzafunsidwa. Asodzi ambiri adasintha. Chimene alonda adalephera, chidatheka pamene anthu adaona kuti lamulolo ndi lawo.

Tsono ife tichitepo chiyani? Ndili ndi maganizo asanu, ndipo onse safuna galimoto ya bungwe.

Choyamba, komiti ya mzikiti uliwonse umene uli kufupi ndi mtsinje kapena kasupe ikakhale pansi ndi amfumu, ipemphe chigawo cha gombe kuti ichisamale. Abzalepo mbawa, mikuyu, katope, mwimbi ndi nsungwi, ndipo mtengo uliwonse upatsidwe banja louyang'anira, dzina lilembedwe m'kaundula wa pamzikiti. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, koma wanzeru amabzala mvula ikangokhazikika kuti mizu igwire chilimwe chisanafike. Mu Meyi ndi Juni kulambula njira zotchinga moto kusaiwalike, pakuti kubzala ndi tsiku limodzi koma kulera ndi zaka.

Chachiwiri, tisathamangire mbande zogula pamene zitsa zili m'minda ndi m'mapiri mwathu. Chitsa cha mtondo, msuku kapena muwanga chili ndi mizu yakuya kale. Chikaphukira, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo sadzani, ndipo tetezani kumoto ndi ku mbuzi. Mtengo wotere umakula msanga kuposa wa m'chubu ndipo sufuna kuthirira. Msangu ukamera m'munda usiyeni, chifukwa umayoyola masamba m'dzinja, chimanga n'kumapeza dzuwa ndi chajira pamodzi.

Chachitatu, khasu lisafike pamlomo pa mtsinje. Ndikudziwa kuti dimba la m'mphepete ndi limene limatipatsa masamba ndi mondokwa m'chilimwe, koma tisiye mpata wa udzu, bango ndi mitengo pakati pa dimba ndi madzi. Alangizi a zaulimi adzakuuzani kukula kwa mpatawo molingana ndi mtsinje wanu. M'minda yotsetsereka tiike akalozera, tibzale vetiva, titseke zigwembe ndi miyala zidakali zazing'ono. M'mera mpoyamba.

Chachinayi, kunyumba tichepetse nkhuni. Mbaula yadothi ya chitetezo imatha nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, ndipo amayi ambiri amatha kuiumba okha. Nandolo amatipatsa ndiwo, amakonza nthaka, ndipo mitengo yake ndi nkhuni zabwino. Banja lililonse likhale ndi kamzere ka mitengo yake m'malire a munda. Pomanga mzikiti kapena madrasa, komiti ifunse kaye mtengo wa njerwa za simenti kapena zotsindira isanalamule uvuni. Ndipo ife a m'tauni, amene timatumiza zakaat ndi sadaka kumudzi, tiganizire zothandiza anyamata ngati uja ndi mpamba wa ntchito ina, monga njuchi, mbuzi kapena dimba lothirira, kusiyana n'kungowadzudzula.

Chachisanu n'cha asodzi. Nyengo yotseka nyanja ikafika, tiilemekeze ngakhale alonda asaoneke, pakuti nsomba imodzi ya mazira ndi dengu la chaka chamawa. Neti yotetezera udzudzu ndi ya pabedi pa mwana, si ya m'madzi. Maiwe a m'mitsinje tiwasunge monga momwe makolo athu adachitira mu 1995.

Ndipo bungwe lina likadzafika m'mudzi mwanu, monga lidzafikadi, lilandireni ndi manja awiri, koma funso loyamba lisakhale la alawansi. Funsani kuti ntchitoyi idzatha liti. Funsani kuti chipangizo chikadzaonongeka chokonzera chake chimapezeka kuti ndipo ndi ndalama zingati, kuti gulu liyambe kusonkha lisanafike tsikulo. Funsani kuti malamulo amene mugwirizane adzasungidwa ndi yani iwo akadzapita. M'komitimo musaiwale amayi. Iwo ndi amene amadziwa kuti chitsime chatsika mikono ingati chaka chino, ndiponso kuti nkhuni zatalikira mtunda wotani. Mutu umodzi susenza denga.

Ndisanatsanzike ndikuuzeni zimene malume anga adachita. Sadadikire msonkhano. Adapempha anyamata awiri kuti akumbe kangalande kochokera pamalo otawazira kupita kuseri kwa mzikiti, kumene adabzala mbawa zitatu, mkuyu umodzi ndi phata la nthochi. Madzi amene kale ankangotayika pansi n'kupanga matope tsopano amathirira mitengo kasanu patsiku. Adatchinga ndi minga kuopa mbuzi, ndipo mwalimu adagawira ana a madrasa masiku oyang'anira. Nditawafunsa ngati mitengo inayi ingabweze chitsime, adaseka. "Iyai mphwanga, singabweze. Koma ana awa akazolowera kulera inayi, sadzaopa kulera phiri. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha."

Kodi kwanuko zinthu zili bwanji? Ngati mudzi wanu udasunga nkhalango, kasupe kapena dziwe bungwe litapita kale, tilembereni kalata mutiuze momwe mudachitira, ndipo tidzaisindikiza patsamba lino kuti ena atengerepo phunziro. Ngati zidakanika, lembaninso, pakuti kugwa kwa mnzako n'chenjezo kwa iwe. Allah atipatse mvula ya madalitso, atiteteze ku chilala ndi ku madzi osefukira, ndipo atipatse mtima wosamala zimene adatisungitsa.

Tidzakumananso pakhonde pano miyezi itatu ikubwerayi, Insha Allah. Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.